Mkazi Wanga Anasiya Kuthira Mchere

1

Ine ndine Dyton. Ndimalima kachewere kumapiri a kufupi ndi Nzama, ndipo ndikakumba ndimakagulitsa ndekha pa Boma chifukwa ine ndi mavenda sitimwerana madzi. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndine wolimbikira ntchito komanso wapakamwa, ndipo zonsezo sinditsutsa. Chimene sindinkachidziwa ngakhale ine mwini n'chakuti ndili ndi nsanje yoti ikandigwira makutu amatseka.

Mkazi wanga Eliness ndi mphunzitsi wa ku pulayimale. Kwawo ndi kuchigwa, kumene amalima mpunga. Ndinamutenga pachitengwa, tinamanga nyumba ya malata kuseri kwa nyumba ya mayi anga, ndipo tinakhala zaka zingapo popanda mwana. Nkhani ya mwanayi sitinkaikamba. Mayi ankangoti, "Mulungu ali ndi nthawi yake," koma ponena mawuwo maso awo amakhala ali pamimba pa mpongozi wawo.

Eliness ankakonda zamoyo zonse, ngakhale zosadyedwa. Kusukulu ankatsogolera kalabu ya zachilengedwe. Tsiku lina ndinapha njoka m'dimba, iye anandikwiyira mpaka madzulo, ati inkatithandiza kuchepetsa makoswe. Ndinkamuseka kuti ndinakwatira loya wa abuluzi.

Ndiye tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu akuchita kuthamanga, choko chili mbuu m'manja.

"Abambo, andisankha. Bungwe lija linabwera kudzaona kalabu yathu latenga aphunzitsi awiri m'boma muno. Tikagwira ntchito yongodzipereka pa chilumba china cha m'nyanja ya mchere, ku Mozambique."

"Ntchito yanji pachilumba?"

"Kulondera akamba a m'nyanja. Amatuluka m'madzi kudzaikira mazira mumchenga, ndiye anthu ndi agalu amafukula. Tizikatolanso mapulasitiki ndi maukonde otayika amene amawakola."

"Ndiye kuti uchoke ku Ntcheu kuno, udutse dziko la eni, ukakhale mzamba wa akamba?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Inenso ndinaseka, mpaka pamene ndinafunsa kuti mphunzitsi winayo ndani.

"A Raymond a ku Kandeu."

Raymond ndinkamudziwa. Wamtali, wosakwatira, wovala magalasi, wa njinga yamoto yopukutidwa tsiku ndi tsiku. Mumtima ndinakana, koma pakamwa ndinalola, chifukwa sindinafune kuti aphunzitsi anzake azinena kuti Eliness anakwatiwa ndi mbuli yomangirira mkazi pachikuni.

Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza mpaka pa Boma. Tikudikira minibasi, fungo la chipisi linamunyansa, anatembenukira kumbali n'kulavula. Ndinati ndi mantha a ulendo. Kondakitala atayamba kuitanira, anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Abambo."

"Ndikumva."

Anandiyang'ana kanthawi. "Ayi, palibe. Muzidya bwino."

Raymond anamunyamulira chikwama, ine ndinabwerera kukachewere wanga.

2

Netiweki pachilumbapo inkapezeka pa kachitunda kamodzi kokha ka mchenga, choncho ankandiimbira akapeza mpata wokwera pamenepo. Mawu ake ankakhala a munthu amene wafika kumene mtima wake unkafuna. Ankandiuza za kamba wamkulu ngati chitseko cha khola, za chisa chimene anachisamutsa madzi asanachikokolole, za asodzi amene poyamba ankawatukwana koma tsopano akuwabweretsera okha akamba okodwa m'maukonde. Ine ndinkamvetsera, kenako n'kufunsa funso langa la masiku onse.

"A Raymond ali bwanji?"

"Ali bwino. Akupereka moni."

Moni wakeyo ankandiwawa ngati munga wa m'chidendene.

Zithunzi zinkabweranso. Eliness atanyamula thumba la mapulasitiki, Raymond pambali. Eliness atagwada kuyang'ana tiana ta akamba tikuthamangira kumadzi, Raymond pambali. Chithunzi chikakhala chopanda Raymond sindinkapuma ayi, ndinkadziwa kuti wajambula ndi iyeyo.

Cholakwa changa china chinali kuonetsa zithunzizo pamsika. Mnzanga wina wogulitsa anyezi anaziyang'ana n'kupukusa mutu.

"Achimwene, pachilumba palibe kothawira. Boti likachoka ndi awiriwiri basi. Inu muzingothirira kachewere kuno."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo mano okha. Pobwerera kunyumba ndinapalasa njinga ngati ndikuthamangitsa wakuba.

Patapita miyezi iwiri, foni yake inangoti zii. Ndinaimba m'mawa, masana, madzulo, osapezeka. Sabata inatha. Ndinayamba kukwera phiri la kuseri kwathu ngati kuti vuto la netiweki lili kwa ine. Kenako pa tsamba la bungwe lija pa intaneti panatuluka chithunzi. Anali m'boti. Eliness anali atavala jekete la mwamuna, mutu atatsamiritsa paphewa la Raymond, maso atatseka. Dzanja la Raymond linali litamuzungulira. Pansi pake analemba mawu a Chingerezi oyamikira kuti mavolontiya awo amakondana ngati banja limodzi.

Chithunzicho ndinachikulitsa mpaka nkhope zinasanduka timadontho. Mawa lake Eliness anaimba, mawu ali otsika.

"Pepani abambo, ndinadwala pang'ono. Ndili bwino tsopano."

"Jekete lija n'landani?"

"Kunkazizira panyanja."

"Kunyanja ya mchere kumazizira kuposa ku Nzama?"

Foni inaduka. Mpaka lero sindidziwa ngati inali netiweki.

3

Anabwera chimanga chitauma m'munda. Anali atada ndi dzuwa, ataonda, ndolo zikuoneka zazikulu m'makutu. Anapereka moni kwa mayi atagwada monga mwa masiku onse, koma nkhani za akamba zimene ndinkayembekezera kuti zitisowetsa mtendere sanazikambe. Ukamufunsa za chilumba ankangoti, "Kunali bwino."

Tsiku loyamba anaphika nyemba. Nditalawa ndinapeza zilibe mchere ngakhale pang'ono. Pambali panali kambale kakang'ono ka mchere.

"Waiwala?"

"Dzithirireni nokha, abambo."

Ndinathira. Mawa lake mpiru, chimodzimodzi. Mkucha nyama ya mbuzi imene ndinagula dala kuti timulandire, chimodzimodzi. Kuchipinda nako anayala mphasa pansi, ati msana ukumupweteka chifukwa cha ulendo. Ndikamukhudza paphewa ankadzidzimuka.

Panatha masabata angapo zili choncho. Tsiku lina ndikupopera mankhwala m'dimba, mayi anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pamzere.

"Iwe Dyton, m'nyumba mwako akuthira mchere ndani?"

"Ndikuthira ndekha."

"Chiyambire kubwera kwake?"

"Eya."

Mayi anakumba pansi ndi ndodo. Kwa inu amene munakulira m'tauni, kwathu kuno mchere si wongokometsa ndiwo. Pali nthawi zimene mkazi sathira mchere m'chakudya cha mwamuna wake, chifukwa akuluakulu amati akathira amudula. Mwamunayo amayamba kutsokomola, kutupa miyendo, kuonda, mwina kufa kumene. Amati mdulo.

"Kumwezi sikukhala mwezi wathunthu," anatero mayi. "Kubereka sadabereke. Nanga chatsala n'chiyani? Ndiwe wamkulu, werengera wekha."

Chotsalacho ndinkachidziwa. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere.

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Eliness za mdulo ankaziseka. Chikwatiranireni ankathira mchere tsiku lililonse, ndipo ankati amene akutsokomola apite akayezetse makhololo kuchipatala, asanamizire mchere. Ndiye munthu wotereyu lero akuopa kugwira mchere. Ndinati chimene wachita n'chachikulu moti chamubwezera ku zikhulupiriro za agogo ake.

Pampu ndinaisiya m'dimba momwemo mankhwala asanathe.

4

Sindinamufunse tsiku limenelo. Ndinayamba kumuzonda m'nyumba mwanga momwe. Ndinkatsanzika kuti ndapita kumunda, n'kubwerera ngati ndaiwala chikwanje. Loweruka lina ndinamupeza kuseri kwa bafa, foni ili kukhutu.

"Ayi a Raymond, sindinawauzebe. Ndikati ndiyambe, mawu amandithawa." Anamvetsera. "Ndikudziwa, koma ndikuopa. Zimene zinachitika pachilumba zija sizikundichoka m'mutu. Inu munandigwira bwino, sindidzaiwala."

Munandigwira bwino. Mawu amenewo ndinapita nawo pa njinga mpaka ku Kandeu. Linali tsiku la msika. Raymond ndinamupeza akugula matimati, chisoti cha njinga yamoto chili m'manja. Atandiona anamwetulira n'kutambasula dzanja.

"A Dyton, mwatipeza. Amayi ali bwanji kunyumba?"

Ndinamugwira kolala. Magalasi anagwa, ndipo ndinawaponda dala.

"Munamuchita chiyani mkazi wanga pachilumba?"

Anthu anatizungulira. Raymond sanabweze, sanathawenso. Anangondigwira mkono kuti apume.

"Si ine woyenera kukuuzani. Ndinalonjeza. Pitani mukakhale nawo pansi akazi anu, muwafunse modekha."

"Ndiye kuti chilipo choti andiuze?"

"Chilipo."

Ndinamumenya khofi pamaso pa ana ake a sukulu, n'kukuwa kuti Kandeu yense amve kuti aphunzitsi awa akamati akukalondera akamba amakhala akukalondera akazi a eni. Amayi ena anagwira pakamwa, anyamata a kabaza anaimba mluzu. Ndinachokapo ndikudzimva kuti ndine mwamuna.

Kunyumba ndinapeza Eliness akusankha mpunga pa lichero. Nkhani inali itandipitirira kale pa foni, maso ake anali ofiira.

"Mwamenya munthu wosalakwa, abambo."

"Unagona naye kangati?"

Anaika lichero pansi pang'onopang'ono. "Chibwerereni ine, funso limene muli nalo ndi limeneli?"

"Lomweli."

"Palibe lina?"

"Palibe."

"Ndiye itanani ankhoswe. Ndikayankhira komweko."

5

Tinakumana Lamulungu masana, titachoka ku Misa, pansi pa mtengo wa mapichesi pakhomo pa mayi. Nkhoswe yanga ndi malume anga a Lazarus. Ya Eliness ndi achimwene ake a Chrispine, amene anakwera kuchokera kuchigwa pamodzi ndi azakhali awo a Selestina. Nkhani ya ankhoswe imakhala ya m'nyumba, koma ine ndinakana kulowa m'nyumba. Ndinkafuna anthu amve. Ndipo anamvadi, chifukwa amayi oyandikana nafe onse tsiku limenelo anapeza chochita kufupi ndi mpanda.

"Takhala pano kuti timve, osati kuti timenyane," anatero malume. "Dyton, yamba."

Ndinayamba. Ndinayendetsa foni kuti aliyense aone chithunzi cha m'boti. Ndinanena za sabata imene foni inali chete, za mphasa, za mawu a kuseri kwa bafa. Pomaliza ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kambale ka mchere kaja n'kukaika pakati pa bwalo.

"Alamu, mufunseni mlongo wanu. Munthu amene ankati mdulo ndi bodza, bwanji lero akuopa kundithirira mchere?"

A Chrispine anayang'ana pansi. A Selestina anayang'ana Eliness nthawi yaitali, kenako anamuyandikira n'kumunong'oneza kanthu. Eliness anagwedeza mutu. Azakhaliwo anatseka maso.

"Nkhani iyi si ya pabwalo," anatero a Selestina. "Amuna apatuke, tikambirane amayi okhaokha."

"Ayi," ndinatero ine. "Wandichititsa manyazi poyera, ayankhe poyera."

"Asiyeni azakhali," anatero Eliness. "Ndinena pompano."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana kambale kaja.

"Pochoka pano ndinali ndi pathupi. Ndinazindikira kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke. Sindinanene, chifukwa ndinadziwa kuti mundiletsa ulendo, komanso kawiri konse m'mbuyomu ndinkaganiza kuti ndaima koma sizinali zoona. Ndinati ndikabwera mimba ikuoneka, amayi adzavine. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo ndikuvomera."

Eliness anapitiriza.

"Tsiku lina m'mawa tikuchokera kolondera zisa, m'mimba munayamba kupota. Pachilumbapo palibe chipatala. Amayi a kumeneko, amene sindinkamva n'chilankhulo chawo chomwe, ndi amene anandizungulira ndi zitenje. Ndinapita padera. Iwo ndi amene anakaika mwanayo. Magazi sanasiye, ndiye a Raymond anagwada kupempha asodzi kuti atiwolotse nyanja ili yoipa. Anandigwira njira yonse kuti ndisakomoke. Ndinagona m'chipatala cha kumtunda sabata imene mukunenayo. Chithunzi chimene mwayendetsachi anajambula mzungu wina tikubwerera kuchokera kuchipatala. Iye sankadziwa kanthu."

Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

"Za mchere, n'zoona, sindizikhulupirira. Koma amati mkazi wopita padera akathira mchere amadula mwamuna wake. Ine ndinali nditataya kale mmodzi. Ndinati kaya n'zoona kaya n'zabodza, awa okha ndisawayesere."

6

Apa ndi pamene ndimafuna nditasiyira nkhaniyi, koma ndikatero ndikunamizani. Zonse zimene ndinachita kufika pamenepa, Eliness akanandikhululukira. Anandiuza yekha pambuyo pake. Khofi la ku Kandeu, chithunzi, kambale, zonsezo akanati ndi kupusa kwa mwamuna amene sanauzidwe zoona.

Anthu onse ankandiyang'ana. Malume anandikodola ndi maso kuti ndidzuke ndipite pamene panali mkazi wanga. Miyendo inkafuna. Koma m'mutu mwanga munali Raymond yekhayekha, atamukumbatira m'boti, akudziwa chinthu cha m'nyumba mwanga chimene ine sindinkachidziwa. Ndiponso ndinali nditaitana mudzi wonse kuti udzaone kuti ndine wolakwiridwa, ndiye ndigonje bwanji? Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mimbayo inali ya ndani?"

A Chrispine anadzuka, malume anawagwira malaya. Amene anandiyankha anali mayi anga.

"Khala chete iwe." Anandiloza ndi ndodo yawo. "Ndidamuona ine mwanayu akusanza kuseri kwa nkhokwe asadanyamuke. Ndidamuonanso akudya dothi la pachulu. Ndidakondwa, koma ndidati ndisunge pakamwa. Atabwera mimba ili phwa, ndidati maso adandinamiza. Ndine ndidakutuma kuti uwerengere, ndipo ndidakuwerengetsa zolakwika. Mdzukulu wanga ameneyo."

Pomwepo ndinakumbukira pa Boma, fungo la chipisi, ndi dzanja lake likundifinya. Ankafuna kundiuza tsiku lija.

Eliness anaimirira n'kukonza chitenje. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso. Sanalire.

"Mwamva, a Dyton?"

Chikwatiranireni anali asananditchulepo dzina. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chikwama chomwe chija anapita nacho kuchilumba. Anagwada pamaso pa mayi n'kutsanzika. Mayi anamugwira mutu ndi manja awiri akulira. Kenako iye, achimwene ake ndi azakhali ake anatsika njira ya kumsewu, ndipo amayi a kumpanda aja anawapatukira.

7

Kwa Raymond ndinapita patatha masiku. Ndinamupeza kusukulu atavala magalasi akale omanga ndi waya. Ndinapepesa pamaso pa ahedi ake, ndipo ndinalonjeza kukapepesanso pamsika pamene ndinamunyozera. Anavomera mosavuta, zimene zinandipweteka kuposa akanandilavulira.

Potuluka ndinamufunsa kuti m'botimo zinali bwanji.

"Mafunde ankalowa, asodzi akukapa madzi ndi zigubu. Ndinkawalankhulitsa kuti asagone. Iwo ankangoitana dzina limodzi."

"La ndani?"

"Lanu. Ankati, a Dyton akandipha, ndawatayira mwana."

Ndinakhala pa njerwa za pambali pa ofesi.

"Mwanayo anamuika pati?"

"Amuna sitinaloledwe kufika. Ndinangoona njira imene amayi analowera, kuseri kwa mitengo ya kokonati, kumtunda kumene madzi safika. Eliness anapita kukaonapo tisananyamuke."

Kuchigwa ndinapitako katatu. Kawiri a Chrispine anandibwezera pamsewu. Kachitatu anandilola, ndipo Eliness ndinamupeza pakhonde akuchonga makope a ana. Anali atapempha kale kuti asamukire sukulu ya kufupi ndi kwawo. Anandipatsa mpando, anandipatsa moni ngati mlendo wa achimwene ake.

Ndinanena zonse zimene ndinakonza panjira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Inenso ndinakulakwirani," anatero. "Mwana anali wa tonse, sindikanayenera kukubisirani. Tsiku lililonse ndinkaika kambale kaja ndikuyembekezera kuti mundifunsa kuti, Eliness, chakuchitikira n'chiyani? Mukanangofunsa choncho ndikanalira n'kukuuzani zonse. Munandiona nditaonda, ndikugona pansi, osafunsa ngakhale kuti chikukupweteka n'chiyani."

"Ndikufunsa tsopano."

"Ndamva."

Kumunda kwa mpunga anthu ankaingitsa mbalame.

"Anali mwamuna kapena mkazi?" ndinafunsa.

"Anali wamng'ono kwambiri, sizinkadziwika." Anatseka kope limene linali pamiyendo pake. "Koma zala anali nazo. Zonse."

Ndinalira pakhonde la eni, mwamuna wamkulu. Iye sanandiletse, sanandigwirenso.

"Tiye kunyumba, Eli."

"Ndikamakuonani ndimamva funso lija. Ndayesa kuti lichoke, silikuchoka. Bungwe landiitananso nyengo ikubwerayi, ndipo ndavomera. Kuli akamba, komanso kuli mwana wanga."

"Wathu."

"Pabwalo paja simunatero."

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka amuna anzanga, sindikuuzani kuti nsanje inandithera, chifukwa ndingakunamizeni. Ilipo. Ndimachitabe nsanje ndi Raymond, osati chifukwa anandilanda kanthu, koma chifukwa pa tsiku lowawa kwambiri pa moyo wa mkazi wanga, phewa limene anatsamira linali lake. Iye akudziwa njira yopita kumene kuli mwana wanga. Ine nyanja ya mchere ndimangoiona pa foni.

Ndinali ndi maso, ndinaona zonse. Ndinaona kuonda, ndinaona mphasa, ndinaona mchere uli pambali. Chilichonse chinkandiuza kuti munthuyu wavulala, koma ine ndinkangofufuza kuti wandilakwira pati. Mwambo umene iye anausunga pofuna kuteteza moyo wanga, ine ndinauyesa umboni womumangira mlandu. Ngati wanu wasintha, wayamba kukhala chete, mufunseni kaye chimene chikumupweteka, muli awiri, chitseko chili chotseka. Mafunso enawo angathe kudikira, ndipo ena ndi oti akangotuluka pakamwa, ngakhale mugwade chotani sabwereranso.

Malume akuti ndisataye mtima, ankhoswe sanathetse ukwati, mitima ya anthu imatembenuka. Mayi amapita ku Misa ya m'mawa tsiku lililonse kukapempherera mpongozi wawo. Inenso ndinkadzilimbitsa kuti malinga katundu wake ali m'nyumba muno, ndiye kuti adzabwera.

Dzulo a Chrispine anafika ndi kagalimoto ka mnzawo. Anati atumidwa mabuku, makina osokera ndi mbale zimene Eliness anapatsidwa pa ukwati. Sanakhale pansi, madzi akumwa anakana. Makinawo ndi olemera, munthu mmodzi sangawanyamule, ndiye ndinagwira mbali inayo n'kuwathandiza kukweza.